Kakhadi ka Mawu a Bambo Ako

Chitakale, Mulanje
Lachinayi masana

Mwandida mwana wanga,

Lero ndatseka laibulale msanga. Ana amene anabwera kudzawerenga ndawabweza kuti abwere mawa, achoka akung'ung'udza ngati ndawalanda mbale pakamwa. Iwe wapita kukalukitsa tsitsi kwa mnzako uja, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa pakamwa ine ndi iwe masiku ano sitikumvana. Ndikayamba kulankhula iwe maso pafoni, ukayamba iwe ine ndimakatenga tsache n'kumasesa pamene ndasesa kale. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Lilongwe kukaphunzira zopanga makanema ndi makatuni a m'malaibulale, ndipo sindikufuna uchoke panyumba pathu tikuyendana chammbali ngati akazi a mitala.

Chimene chakukwiyitsa ndikuchidziwa. Ndi kakhadi kaja ka m'foni, mmene muli mawu a malemu bambo ako. Wandipempha katatu kuti upite nako ukapangirenso kanema uja wa mtsinje, aonetsedwe m'malaibulale ena, ndipo katatu konse ndakukaniza osakuuza chifukwa. Lamlungu unandiyankha kuti, "Amayi, anali amuna anu, koma analinso bambo anga." Zinandipweteka, ndipo zinapweteka chifukwa unanena zoona. Yankho langa lili m'kalata muno. Koma usathamangire kumapeto, ndimakudziwa iwe, buku umayambira tsamba lomaliza. Uyambe wamva mmene mayi ako anapusira pantchito imeneyi, kuti iwe ukapuse zatsopano, osabwereza zangazi.

Kanema wanga woyamba sunamuone, ndipo Mulungu alemekezeke. Laibulale yathu itangolandira laputopu yakale ija ndi sipika, ndinaganiza zophunzitsa anthu kabwerekedwe ka mabuku. Ndinavala suti yanga ya ku ukwati wa amalume ako, ndinapaka ndi milomo yomwe, ndinaimika foni pamulu wa madikishonale n'kuyamba Chingelezi. Chingelezi chenicheni, cha m'mphuno! Loweruka ndinaitana amayi othyola tiyi amene amadutsa pano pochokera ku esiteti. Anakhala pamabenchi mwaulemu, manja pamiyendo, mpaka kanema kutha. Kenako mayi wina wachikulire anaimika dzanja. "Zikomo aphunzitsi, mwatchena ndithu. Nanga pamenepa mumati chiyani?" Iii, manyazi ake ndinachita kusowa poyang'ana. Ndinapanganso wina wa mphindi zitatu, m'Chichewa chathu chino, nditavala chitenje, ndipo amayi omwewo anatuluka ndi mabuku m'madengu awo. Kumene ukupitako akakuseka kalankhulidwe, akati Chichewa chako chikununkha Chilomwe. Aseke, mano ndi awo. Kanema wa m'laibulale si wodzionetsera iwe. Mwini wake ndi munthu wakhala pabenchi uja, amene wachokera kumunda ndipo akuganiza zokatunga madzi dzuwa lisanalowe.

Ndiye pali nkhani ya mawu, ndipo iyi usadzaiwale. Chithunzi chosaoneka bwino anthu amapirira nacho, koma mawu osamveka ayi, amangodzuka n'kumapita. Tsiku lina ndinapita ku Thuchila kukajambula bambo wina wodziwa kumezanitsa mitengo ya mapeyala. Anafotokoza bwino mkuluyo, mpeni ndi zala zake zikuoneka bwinobwino, ndipo ndinabwerera m'minibasi ndikudzitama ndekha. Kufika kuno kutsegula, abale inu! Chigayo chokhachokha. Tinaima kuseri kwa chigayo, khutu langa linazolowera phokoso mpaka kusiya kulimva, koma foni siizolowera kanthu. Mkulu uja ankangotsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba. Nditabwererako kukapepesa anandiyang'ana nati, "Mayi, mtengo uja ndinamanga kale. Ndiudulenso chifukwa cha makutu anu?" Chiyambire tsiku limenelo, ndisanakanikize batani ndimatsinzina kaye n'kumvetsera. Tambala ali kuti, wailesi ya aneba ili kuti, mphepo ikuchokera mbali iti. Iwenso uzitero, ngakhale anzako akuone ngati ukupemphera.

Njira yojambulira mawu oyera anandiphunzitsa ndi bambo ako, munthu amene sanafike ndi Sitandade 5 yomwe. Paja ntchito yawo inali yonyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Anati kumwamba kuja mphepo ikakula amalankhulana atafunda bulangete kumutu, ndiye bwanji osayesa ndi foni? Tinayesa Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu. Tinalowa tonse awiri m'bulangete lotuwa lija pamphasa ya pabalaza, thukuta lili kamukamu, iwo akufotokoza za mtsinje kenako n'kuyamba kuimba. Chitseko tinaiwala kutseka. Amayi ake a Jenala, aneba athu aja, anabwera kudzabwereka sefa, n'kupeza anthu awiri akuluakulu afundana masanasana, mwamuna akuimba. Tinangomva, "Pepani, ndibweranso," mapazi n'kumathawa. M'mawa mwake kumjigo sindinatunge madzi mwamtendere. Aliyense ankandifunsa kuti mng'ono wake wa Mwandida tiyembekezere mwezi uti. Bambo ako ataimva anaseka mpaka kutsamwa. Mawu amene ali pakakhadi kaja anajambulidwa tsiku limenelo.

Kanema ameneyo ukumukumbukira pang'ono, ndikudziwa, koma sukudziwa mmene anandivutira. Ana ambiri a kwathu kuno amawoloka mtsinje popita kusukulu, ndipo mtsinje wochokera m'phiri ndi wachinyengo. Kuno kukhoza kukhala dzuwa lowala, kumwamba mvula ikukhuthuka, madzi n'kukupeza uli pakati. Bambo ako ankadziwa zizindikiro zake: mtambo ukakhala pati, madzi akayamba kufiira, akamabwera ndi masamba aawisi, ukamva kulira ngati lole ili kutali pamene kulibe msewu. Ine ndinadula tianthu m'makatoni a tiyi ndi m'kalendala yakale, foni ndinaimangirira kumwendo wa mpando ndi mphira wa chubu cha njinga, ndiye kumasuntha kamunthu pang'ono, kujambula, kusunthanso, kujambula. Tsiku loyamba lonse linapita pachabe, chifukwa ndinadalira kuwala kwa pawindo, ndipo dzuwa silidikira munthu. Poonera, zithunzithunzi zinkadumphadumpha ngati kukubwera chimphepo. Ndinatseka windo ndi thumba la feteleza, n'kuyatsa nyali ya sola, n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga, ndipo iwe kudekha unatengera ine, kutanthauza kuti ulibe. Ukakaphunzire kumeneko.

Koma cholakwa chachikulu pa kanema ameneyo chinali kamunthu konyamula katundu. Ndinakopera m'buku lina lakunja la m'laibulale muno. Chikwama kumsana, malamba m'mapewa, majombo, ndodo m'manja. Bambo ako anakatenga, anakatembenuza uku ndi uku, nati, "Mayi a Mwandida, ameneyu ndi ndani? Mzungu wapsa ndi dzuwa?" Anati iwo chikwama cha mlendo amasenza pamutu, malamba akulendewera kumaso, kumapazi mapatapata. Ndinakwiya, pakuti ndinali nditakadula usana wonse. Ndinati ana sangazindikire. Iwo anati, "Ana ake a ndani? Theka la ana amenewo abambo awo ndi anzanga a m'phiri." Ndinagona ndi munthu ameneyo nyumba imodzi zaka zonsezo, koma pofuna kumujambula ndinakafunsa buku. Usadzajambule munthu amene sunakhale naye pansi, Mwandida. Wosoka nsapato, wogulitsa nthochi, namwino, aliyense, pita ukaone mmene amagwirira chinthu chake, dzanja liti limayamba.

Ku Lilongwe ukapeza makamera aakulu ndi makompyuta othamanga, ndipo ukaphunzire zonsezo, usaope batani lililonse. Koma uzikumbukira kumene kanemayo akukathera. Akukathera m'kachipinda ngati kano, palaputopu yotsokomola, magetsi atazima, batire latsala pang'ono. Akhale wamfupi, wopepuka, woti mphunzitsi atumizire mnzake pafoni ali pasiteji. Mphira wa chubu usaunyoze, sunandigwetsere foni ndi tsiku limodzi lomwe. Ndipo poti tanena za makamera aakulu, ukapezanso anyamata owakoleka m'khosi, olankhula mokoma, oti adzakuika mufilimu. Chikomekome cha mkuyu. Uyang'ane kaye ngati amabweza chinthu akabwereka.

Tsopano khala bwino, ndikuuze chimene sindinakuuzepo. Bambo ako anatisiya iwe uli ndi zaka khumi, mvula yoyamba itatsala pang'ono kugwa. Maliro atatha amalume ako anakutenga kwa mwezi umodzi, n'chifukwa chake izi sunazione. Mwambo wathu ukuudziwa. Munthu akamwalira, zinthu zake zonse zimasonkhanitsidwa n'kumangidwa pamodzi, zimapita m'manja mwa abale ake, ndipo palibe wozikhudza mpaka tsiku losudzula namfedwa, pamene eni ake amazigawa. Kwa bambo ako mwini katundu anali azakhali ako a Rozina, mlongo wawo mmodzi yekhayo, amene anawabereka kumsana powoloka mtsinje wa Muloza pothawa nkhondo ku Mozambiki, bambo akowo ali kamwana. Ine ndinapereka zonse. Jekete, chikwanje, wailesi, malaya awiri a kutchalitchi, ndi mapatapata oduka omwe. Za kakhadi sindinaganizeko n'komwe. Ndani anayamba wamangapo mawu a munthu m'mtolo?

Patatha masabata atatu mtambo unakhala paphiri. Loweruka limenelo ndinali nditangobwerera kuntchito, ana atadzaza mabenchi, ndipo ndinaika kanema wa mtsinje monga ndinkachitira mvula ikayandikira. Sipika ndinaiika pawindo, ndinakweza mpaka kumapeto. Ndinadziuza kuti ndikuchitira anawo. Linali bodza la theka. Ndinawasowa bambo ako, mwana wanga, ndipo ndinkafuna ndiwamve akulankhula m'chipinda ngati kale. Nthawi yomweyo azakhali ako ankadutsa pamsewu ndi beseni la nanazi, ulendo wa kumsika. Anamva mlongo wawo, amene anamuika m'manda ndi maso awo, akuimba nyimbo ya Chilomwe imene mayi awo ankawaimbira. Ndinangomva beseni kuti phwa! Nditasuzumira, nanazi zikugubuduzikira m'ngalande.

Anabwera n'kuima pakhomo. Sanalire, ndipo kukanakhala bwino akanalira. Anati, "Mlamu, jekete munabweretsa. Chikwanje munabweretsa. Ndi mapatapata oduka omwe munabweretsa. Mawu ake ndiye munabisa, kuti muziwaimbitsa pamsewu dothi la pamanda lisanaume?" Ine m'malo mogwada, pakamwa panga panatuluka zauchitsiru. Ndinati, "Ndi zophunzitsira ana, mlamu." Anandiyang'ana, anatola beseni lopanda kanthu, n'kubwerera njira ya ku Likhubula. Tsiku losudzula anachita zonse zoyenera, palibe chimene anandimana, koma kumaso sanandiyang'ane. Zaka ziwiri sanaponde pakhomo pathu. Unkandifunsa kuti azakhali sabweranso bwanji, ine n'kumati miyendo ikuwavuta. Pambuyo pake tinayamba kupatsana moni pamaliro ndi paukwati, koma nkhani imeneyi sitinaitchulenso.

Madzulo a tsiku la beseni lija ndinafufuta kanema uja palaputopu, kakhadi n'kukatsekera m'bokosi lachitsulo la pansi pa bedi. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ndimaima kutsogolo kwa ana n'kumafotokoza za mtsinje ndi pakamwa panga, iwo akuyasamula. Sindinakwerepo phiri ine, ndipo ana amadziwa. Mtambo ukakhala pamalo paja mtima wanga umakhala m'mwamba mpaka onse atafika kwawo. Ndiye pamene unkandipempha kakhadi, sikuti ndinkakubisira bambo ako. Ndinkaopa kugwetsanso beseni la munthu. Ichi ndicho chachikulu pa zonse ndalemba muno, ndipo ukaiwala zina zonse ichi chokha usunge. Munthu akakulola kumujambula, wakulola iye, tsiku limenelo, ali moyo. Koma munthu ali ndi eni ake. Ufunse, ndipo ukamaliza ubwerere ukawaonetse iwo poyamba, anthu ena asanaone. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula limenelo ndalitafuna zaka zisanu ndi zinayi.

Dzulo ndinakuuza kuti ndikupita kuboma kukatenga mabuku. Ndinanama. Ndinakwera kabaza mpaka ku Likhubula, nditanyamula shuga ndi chitenje chatsopano, chimene azakhali ako mpaka lero amati kapulana. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Nditapereka moni ndinagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale, n'kuika kakhadi padzanja lawo. Ndinati, "Mlamu, katundu wina wa alongo anu anatsalira kwa ine. Ndachedwa naye, koma ndabweretsa." Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, kanthu kochepa ngati chikhadabo, kenako anati, "Munthu yense uja, ndi phokoso lake lija, wakwana m'kanthu aka?"

Anati tikaike m'foni. Tinagawana timawaya ta m'makutu, wina khutu ili, wina ilo, mitu itagundana ngati atsikana. Anaseka pamene bambo ako akudandaula kuti bulangete likununkha utsi. Itafika nyimbo ija analira, nanenso ndinalira, nandolo n'kutayikira pansi nkhuku n'kumadya, palibe woziingitsa. Itatha anapukuta maso nati, "Ndime yachiwiri walakwitsa. Ankailakwitsa kuyambira ali mwana, mutu ngati mwala." Pamenepo ndi pamene ndinawauza za iwe, za sukulu yako, ndi zimene ukufuna kuchita. Anayang'ana kuphiri. Kenako anati, "Mtsinje uja sunasiye kudzaza chifukwa ife tinali pamaliro. Katundu wa malemu wogawa ndine. Jekete ndinapatsa msuweni wake, chikwanje chinapita kwa mnzake wa m'phiri, mwana wake sindinampatse kanthu kooneka. Aka ndi ka Mwandida. Mukampatse, munene kuti kachokera kwa ine."

Koma akupatsa ndi mawu atatu, ndipo ndalonjeza m'malo mwako, usandichititse manyazi. Kanemayo akatha, woyamba kumuona ndi iwo, pakhonde pawo, Lilongwe yense asanaone. Bambo ako uwajambule katundu ali pamutu, ndi mpata wa m'mano uja usauiwale, ati asaoneke ngati munthu wa pakalendala. Ndipo pamwamba pa mawu awo usaikepo mawu a munthu wina, kaya wodziwa Chingelezi chotani. Amene sakumva umulembere pansi, awerenge, si m'laibulale momwemo?

Ndiye kabokosi ka machesi kamene kali mu envulopu muno usakataye poganiza kuti mayi ako akalamba. Tsegula bwino, kakhadi kali mkati, ndakakulunga m'kapepala. Ukangofika ukakopere malo atatu osiyana, ndipo kakhadi kena ukatumize kuno, chifukwa ndimakudziwa, unataya ambulera atatu chaka chimodzi. Uzidya m'mawa usanapite m'kalasi. Juzi yofiira ija ndaika pansi pa chikwama, ku Lilongwe nakonso kumazizira. Uziimba foni Lamlungu, ndipo azakhali ako uziwaimbiranso, asamangomva za iwe kudzera mwa ine.

Chatsala chimodzi. Pakakhadipo pali mbali ina imene sinalowe mu kanema, ndinaidula chifukwa ndinkati yawononga ntchito. Bambo ako atamaliza nyimbo, foni ndinaiwala kuzimitsa. Pakumveka timapazi, kenako kamawu kakuti, "Ababa, mukutani mmenemo?" Ndi iweyo, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, watukula bulangete. Ine ndikumveka ndikukukalipira kuti choka, ukusokoneza. Koma bambo ako akuti, "Musiyeni. Lowa, mwana wanga, tseka bwino mphepo ingalowe. Tiyeni tiyambirenso, uyu aimbe nawo." Ndiye mukuimba awiri, iwo akulakwitsa ndime yachiwiri, iwe ukulakwitsa zonse. Dzulo azakhali ako anati tibwereze pamenepo katatu.

Kalatayi uipeza pabedi lako ukabwera kolukitsa tsitsi. Ine ndikhala ndili kuseri ndikusenda chinangwa, ndipo ukaona maso anga afiira, ndi utsi, usandifunse. Mbali imeneyo usakaimvere m'basi, ungakalire pamaso pa anthu osawadziwa. Bulangete lotuwa lija likadalipo, ndalitulutsa m'bokosi m'mawa uno, lili pachingwe likuwombedwa mphepo. Ukamaliza kuwerenga ukalianule, ubwere nalo pamphasa ya pabalaza. Timawaya ta m'makutu ndili nato. Chitseko chokha titseke, amayi ake a Jenala akadali ndi maso.

Ndine mayi ako,
amene anakuthamangitsa m'bulangete tsiku lija, lero akukuitana.